Kudwala chikuku kapena kubayitsa katemera, bola chiti?

Pali anthu amati bola mwana angodwala chikukucho kamodzi thupi lilimbe lokha, kusiyana nkumubaya zinthu zosadziwika. Ena amati ayi, katemera basi. Ine chikuku ndinadwala ndili wamkulu kale, pomwe mwana wanga anabayitsa, nde mbali ziwiri zonsezi ndazionera pafupi.

A gulu loyambalo pena akunena zoona. Ukadwala chikuku nkuchira, pafupifupi aliyense sadzadwalanso moyo wake onse. Katemera amatsalirako pang'ono, dozi imodzi imateteza anthu 93 pa 100 alionse, ukabayitsa kawiri zimafika 97. Nde tikangoyang'ana chitetezo cha chikukucho pachokha, kudwala kwapambana. Koma kuti ukafike pamenepo wadutsa mu zotani?

Ine zinayamba ngati chimfine wamba, chifuwa, mamina, maso psuu, kenako thupi linatentha moti ndimanjenjemera olo nditafunda, kuwala kulikonse kumandilasa mmaso ndimangofuna mdima basi. Zidzolo zinabwera mochedwa, zinayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu nkumatsika mpaka kumapazi. Kumeza madzi inali ntchito. Koma chomwe chimandiwawa mpaka pano nchoti munthu umayamba kupatsira anzako masiku 4 zidzolo zisanatuluke, iwe ukungoti nchimfine ukuyendayenda pagulu. Kachilomboka kamatha kutsala mu mpweya mpaka maola 2 wodwala atatuluka kale mchipinda, ndipo pa anthu 10 opanda chitetezo amene ayandikana naye, 9 amatenga. Ndiye zoti "ndidwale ndekha ndithane nazo" sizitheka, umakhala wasankhiranso khanda la mnzako lomwe silinafike msinkhu obayitsa.

Mankhwala ophera kachilombo ka chikuku kulibe. Kuchipatala amangotsitsa kutentha thupi, kuonetsetsa kuti madzi asathe mthupi, vitamini A kwa ana, maantibayotiki ngati kwabwera matenda ena pamwamba. Zotsalazo thupi lilimbane lokha. Bungwe loona za matenda la CDC ku America limati pa ana 20 odwala chikuku mmodzi amadwala chibayo, mmodzi pa 1,000 ubongo umatupa zomwe zimatha kumusiya wogontha kapena wolumala, ndipo mmodzi mpaka atatu pa 1,000 amamwalira. Kumeneko nkomwe kuli zipatala zabwino eti. Komwe ana ali onyentchera zimaposa apa, ena amachita khungu. WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inawerengera kuti mu 2023 chikuku chinapha anthu pafupifupi 107,500, ambiri ana osakwana zaka 5.

Palinso china chomwe okonda "chitetezo chachilengedwe" sachitchula, ndipo kwa ine nchimene chimathetsa mkanganowu. Chikuku chimaononga maselo omwe amakumbukira matenda amene unadwalapo kale. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2019, wa ana osabayitsa a ku Netherlands, anapeza kuti atadwala chikuku anataya pakati pa 11 ndi 73 peresenti ya mitundu ya ma antibody (asilikali a mthupi olimbana ndi matenda) omwe anali nawo. Wapeza chitetezo cha nthenda imodzi, wataya cha zina zambirimbiri, kuli ngati kugulitsa denga kuti ugule chitseko. Ine nditachira ndinakhala nthawi ndithu ndikungodwaladwala, kachifuwa aka, mmimba umu, nde nditamva zimenezi sindinadabwe. Katemera izi sachita. Komanso pali SSPE, nthenda ya ubongo yosowa ndithu, imatulukira patatha zaka 7 mpaka 10 mwana atachira bwinobwino, ndipo pafupifupi onse oidwala amamwalira.

Tsono katemera naye, ndisaname kuti alibe zake. Mwana wanga pobayapo panatupa, analira, patadutsa sabata thupi linatentha, kenako zinatha zokha. Apa makolo ambiri amasokonekera fukwa kutenthako sikubwera tsiku lomwelo, kumabwera pakati pa masiku 7 ndi 12, munthu waiwala kale za jakisoni. Ana ena amatuluka tizidzolo pang'ono. Choopsa kuona ndi linjirinjiri lobwera kaamba ka kutentha thupi, limagwira mwana mmodzi pa 3,000 mpaka 4,000 obayidwa. Kuona mwana wako akuphiriphitha sizocheza ayi, sindinganyoze kholo lomwe linaziona nkuchita mantha. Koma lotereli kawirikawiri silisiya chilema, ndipo chikuku chenichenicho chimalibweretsa koposa katemera. Zoti thupi likane katemera mpaka kubanika zimachitika kwa munthu pafupifupi mmodzi pa miliyoni, nchifukwa chake anamwino amati mudikire kaye pang'ono musananyamuke.

Pali mphekesera yoti katemerayu amayambitsa autism, vuto lomwe limapangitsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu, zimenezi zinachokera kwa dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, mu 1998 analemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet za ana 12 okha. Mu 2010 magaziniyo inachotsa zolembazo ndipo iye analandidwa chilolezo chaudokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayu ndi autism. Pamenepa sinditaya nthawi.

Nkhani yomwe imandikhudza ndi ya ku Samoa, dziko la zilumba mnyanja ya Pacific, fukwa kumeneko mantha a anthu anali ndi poyambira penipeni. Mu 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa, zinapezeka kuti anamwino anasungunula katemerayo ndi mankhwala olakwika. Vuto silinali katemera koma makolo ambiri anasiya kubayitsa, ndani angawadzudzule? Chakumapeto kwa 2019 chikuku chinabuka nkupha anthu 83, ambiri tiana ting'onoting'ono, mdziko la anthu pafupifupi 200,000 okha.

Si aliyense angabayitse. Katemerayu amakhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, nde amayi oyembekezera komanso omwe chitetezo chawo chatsika kwambiri, monga olandira mankhwala a khansa, sabayidwa. Amenewa amadalira enafe, ndipo kuti chikuku chisayende pamafunika anthu pafupifupi 95 pa 100 akhale otetezeka.

Ngati ndinu wamkulu ndipo simukudziwa ngati munabayitsa muli mwana, kubayitsanso sikuononga kanthu olo mutakhala kuti chitetezo muli nacho kale. Ndipo mukadziwa kuti mwakhala pafupi ndi wodwala chikuku musadikire zidzolo, katemera akaperekedwa pasanathe maola 72 amatha kuletsa nthendayo kapena kuichepetsa mphamvu.