Nyenyezi zitatu: atatufe viza sitinkaifunikira, koma pasipoti ya mwana inatilepheretsa kukwera ndege ya ku Lisbon

Ndinagwiritsa ntchito kampani yokonza maulendo iyi mu Julaye 2024, pa ulendo wa masabata awiri wopita ku Portugal, ine, amuna anga, mwana wathu wa zaka 11 ndi mayi anga. Pamwamba pa matikiti ndi malo ogona tinalipira madola 250 aja amene amati ndi a upangiri wawo, ndipo upangiri umenewo ndi umene ndikufuna kunenapo.

Titapita ku ofesi yawo ku Toronto, mnyamata wa pa desiki yoyamba anatenga mapasipoti onse anayi n'kuwajambula ine ndikuona. Ndinamufunsa kawiri konse ngati pali china chofunika, iye n'kuyankha maso ali pa kompyuta kuti, "Mayi, inu atatu ndinu nzika za Canada, ku Ulaya mumangolowa basi." Sananame kwenikweni, chifukwa wa pasipoti ya Canada safunika viza ngati akukacheza m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya lomwe Portugal ili momwemo) kwa masiku osapitirira 90 mkati mwa masiku 180. Chimene sananene n'chakuti pasipotiyo imayenera kukhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera pa tsiku limene munthu akutuluka m'mayikowo. Athu akuluakulufe ndi a zaka 10, ndiye sitinkawaganizira n'komwe, koma ku Canada pasipoti ya mwana wosakwana zaka 16 imakhala ya zaka zisanu zokha. Ya mwana wathu inali yoti itha pa 20 Seputembala, ife tikubwerera pa 26 Julaye.

Zinadziwikira pa bwalo la ndege la Pearson, Lachisanu madzulo, masutikesi ali kale pa sikelo. Mayi wolembetsa okwera ndege anatsegula kapasipoti ka mwanayo, anawerenga zala, anayitana mnzake, kenako anatiuza mofatsa kuti mwana sakwera. Ndinatsutsa ndithu, mpaka kuloza tsiku ndi chala kuti taonani sinathe, koma anatembenuza kompyuta n'kundionetsa lamulolo, n'kufotokoza kuti akamukweza n'kukabwezedwa ku Lisbon, mlandu umagwera kampani ya ndege. Mwana anakhala pa sutikesi yake n'kumalira chamumtima, akuganiza kuti wolakwa ndi iye. Mayi anga, amene anali atavala kale juzi la m'ndege ndi mpango kumutu, anangoti, "Mwana wanga, tiye kunyumba, anthu akutiyang'ana." Ndinayimba nambala imene kampaniyi imati ndi ya mavuto adzidzidzi kokwana kasanu ndi kamodzi, ndipo sinayankhidwe. Loweruka m'mawa mnyamata uja anandilembera uthenga wa mizere iwiri wondikumbutsa kuti kuona mapasipoti ndi udindo wa mwini ulendo. Nanga ankawajambuliranji, ndipo madola 250 aja anali a chiyani? Mpaka lero sanapepese.

Apa ndiyenera kunena zoona, pajatu mkwiyo usaphimbe zabwino. Eni kampaniyi, mayi achikulire ndithu, anandiyimbira okha Lamlungu, osayamba ndi kudziteteza. Anatiuza kuti tilawirire Lolemba ku ofesi ya mapasipoti n'kukapempha ntchito yachangu, imene pasipoti imatuluka pofika kumapeto kwa tsiku lantchito lotsatira, ndipo usiku womwewo anatitumizira umboni wa ulendo watsopano, popeza kumeneko safulumizitsa pasipoti popanda umboni woti munthu akuyendadi. Anatikumbutsanso za zithunzi zatsopano, satifiketi ya kubadwa ya mwana ndiponso munthu wotsimikizira, zimene tikanaiwala chifukwa mitu inali itaima. Lachiwiri pasipoti inatuluka, Lachitatu tinanyamuka. Ndalama zosinthira matikiti anagawana nafe pakati, ndipo upangiri uja anatibwezera wonse, ngakhale kuti mausiku asanu a ku Lisbon amene tinali titalipira anapita.

Ndi mayi omwewa amenenso anayendetsa bwino nkhani ya mayi anga, omwe akadali ndi pasipoti ya Malawi. Anthu ambiri amaganiza kuti khadi lokhalira ku Canada limakwanira, koma khadilo silichotsa kufunika kwa viza ya Schengen, ndipo anatichenjeza zimenezi miyezi itatu ulendo usanafike, n'kutithandiza pa mafomu ndi inshuwalansi ya zachipatala imene imafunika pa vizayo. Viza inatuluka nthawi yabwino, ndipo masiku ake anakwanira ngakhale ulendo utasuntha. N'zodabwitsa kuti pepala lovuta linayenda bwino, pamene losavuta ndi limene linatigwetsa.

Zotsalazo zinali bwino. Pa malire ku Lisbon anatifunsa tikiti yobwererera ndi kumene tikukagona, ndipo mapepala amene anatisindikizira anali ndi zonsezo. Nyumba ya ku Alfama, dera la mu Lisbon, inali yaukhondo, koma palibe anatiuza za zitunda ndi masitepe a dera limenelo, zimene zinavutitsa mawondo a mayi anga. Sitima ya ku Porto inali monga analonjezera, ndipo Sintra tinangoisiya chifukwa masiku anachepa.

Ndinayamba kulemba ndili ndi maganizo opereka nyenyezi imodzi, koma ndikupereka zitatu, ndipo zonsezo ndi za eni kampaniyi. Ndingabwererenso kwa iwo chaka chamawa pa ulendo wa ku Spain, pokhapokha ngati mapepala athu adzagwiridwe ndi mayiwo, osati mnyamata wa pa desiki yoyamba, amene ndinamupeza ali pomwepo tsiku limene ndinkakatenga ndalama zanga.