Mjigo wa Afridev ndi mabungwe omwe amaubweretsa: pampu ndi yabwino, mgwirizano ndiwo umatsimphina

M'midzi yozungulira Mzuzu komwe mapaipi a Northern Region Water Board safika, monga mbali za ku Choma, Doroba ndi kuseri kwa Ekwendeni, mijigo yambiri ili ndi pampu ya mtundu wa Afridev, ndipo yochuluka inabwera ndi mabungwe a chitukuko pa ndalama za kunja. Mudzi umalandira zinthu ziwiri pa galimoto imodzi: chitsulocho, ndi mgwirizano wa bungwe ndi anthu. Chitsulocho n'chodalirika. Mgwirizanowo ndiwo uyenera kusanthulidwa bwino amfumu asanasainire chilichonse.

Afridev si mlendo kuno. Inachokera ku pampu yotchedwa Maldev yomwe inayesedwa ku Livulezi m'boma la Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako inakonzedwanso ku Kenya mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse. Cholinga cha oipangawo chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha, ndipo pamenepa anakwanitsa. Silinda yake, gawo la pansi m'dzenje lomwe limakoka madzi, ndi yotsegula pamwamba, kutanthauza kuti plunger (chokwezera madzi m'mwamba) ndi foot valve (chotsekera madzi kuti asabwerere pansi) zimatuluka kudzera mkati mwa mapaipi popanda kuzula mapaipiwo. Anthu awiri kapena atatu okhala ndi sipanala imodzi ya 24 ndi chingowe chokokera foot valve amamaliza ntchitoyo m'mawa umodzi. Pa mapampu ena, monga India Mark II, kusintha kalabala kokha kumafuna kukweza mapaipi onse achitsulo.

Miyezo yake ndi iyi. Imakoka madzi kuchokera pa mamita 10 mpaka 45. Silinda ndi ya mamilimita 50 mkati, mapaipi okwezera madzi ndi a PVC a mamilimita 63, ndodo zachitsulo ndi za mamilimita 10 ndipo iliyonse ndi yotalika pafupifupi mamita 3, choncho silinda yoikidwa pa mamita 30 imakhala ndi ndodo ngati 10. Kupopa kokwanira ka 40 kumatulutsa malita oposa 16, kutsala pang'ono kudzaza ndowa ya malita 20. Nambala imeneyi komiti iliyonse iziidziwa pamtima, chifukwa ndiyo muyezo wa thanzi la mjigo. Malita akatsika kufika pa 10, kalabala ka pa plunger kotchedwa U-seal katha. Muyezo wachiwiri ndi wosavutanso: siyani mjigo kwa mphindi 30, kenako werengani kuti mwapopa kangati madzi asanatuluke. Kukapitirira ka 5, madzi akuthawira pansi, ndipo olakwa nthawi zambiri ndi bobbin (kalabala kotseka valavu) kapena O-ring (mphete ya labala) ya pa foot valve, apo ayi paipi yabooka.

Zomwe zimatha msanga ndi tizinthu totchipa: U-seal, bobbin, O-ring, mabushi 4 a pulasitiki a pa handulo, ndi timalabala tomwe timagwira ndodo kuti zikhale pakatikati pa paipi. Zonsezi zimafunika kusinthidwa kamodzi pachaka, ndipo pa mjigo wa pasukulu kapena pamsika U-seal ndi mabushi sizipitirira miyezi 6. Mavuto aakulu onse amayambira pa kunyalanyaza tinthu timeneti. Mabushi akatha, handulo imayamba kugwedera cham'mbali ndi kulira. Anthu amapitiriza kupopa poti madzi akutulukabe, ndiye chitsulo chimayamba kudyana ndi chitsulo, pini imadyeka, mabowo a handulo amakula, ndipo chomwe chikanatha ndi mabushi chimafuna handulo yatsopano. Timalabala ta pa ndodo tikatha, ndodo imakhula paipi ya PVC mkati mpaka kuiboola. Apa ndiye komiti singathenso. Pamafunika mekaniki wa m'dera, anthu ambiri ogwira mapaipi pokweza, soketi zolumikizira ndi guluu wa PVC, ndipo ndi pa ntchito imeneyi pomwe mapaipi amapulumuka n'kugwera m'dzenje. Ana opopa modumpha, akumenyetsa handulo kumwamba ndi pansi, amafulumizitsa zonsezi.

Chofooka chenicheni cha pampuyi kwa ife a kumpoto kuno ndi dzimbiri. Madzi a pansi m'malo ena a mapiri amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikatsika pansi pa 6.5 ndodo za chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki (galvanised) zimadyeka. Chizindikiro n'chodziwika: ndowa yoyamba ya m'mawa imatuluka yofiira, ikununkha chitsulo, kenako madzi amayera mukapopa kwa kanthawi. Ngati kufiirako kukutha choncho, vuto ndi ndodo, osati nthaka. Amayi amaleka kuchapira pamenepo chifukwa zovala zimathimbirira, nsima imasintha mtundu, ndipo mabanja amabwerera kudambo mjigo uli wamoyo. Mankhwala ake ndi ndodo za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Zimadula pogula, n'chifukwa chake kontrakitala wosayang'aniridwa amaika zinazo. Maginito amathandiza pang'ono poyesa, popeza amamata mwamphamvu pa galvanised pomwe pa stainless steel yabwino samata kwenikweni.

Tsopano ntchito ya mabungwe. Ndondomeko ya boma ilipo ndipo ndi yomveka: pempho lichokere kumudzi kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, lipite ku komiti ya chitukuko ya dera ya ADC, lifike ku khonsolo, ndipo bungwe lisanayambe ntchito likaonekere ku DEC, komiti ya akuluakulu a maofesi ndi mabungwe pa khonsolo, ndi kugwirizana ndi ofesi ya zamadzi ya boma. Midzi yozungulira Mzuzu ya mbali ya Mzimba ili pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, ya kum'mawa ili pansi pa Nkhata Bay. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, yomwe imayang'anira zokumba ndi okumba mijigo. Muyezo wa boma ndi mjigo umodzi pa anthu 250, pamtunda wosapitirira mamita 500. Mabungwe odziwa ntchito amatsata njirayi, ndipo mijigo yawo imadziwika kwa mlangizi wa zamadzi wa deralo. Ena, makamaka magulu ang'onoang'ono obwera kwa masabata awiri ndi ndalama zosonkha ku tchalitchi chakwawo, amangogwirizana ndi munthu mmodzi wodziwa Chingerezi, n'kukumba. Mtima wawo ndi wabwino, koma mjigo wotere suli m'kaundula wa aliyense, ndipo ukafa palibe ofesi yomwe imaudziwa.

Malo okumbapo ndipo pamayambira mikangano yambiri. Njira yoyenera ndi yakuti mudzi usankhe malo atatu, amayi otunga madzi ali patsogolo pa chisankhocho, ndiyeno katswiri ayeze pansi ndi makina kuti aone pomwe pali mwala wosweka wosunga madzi. Chimbudzi, khola ndi manda zikhale kutali ndi mamita osachepera 30, ndipo pa zitunda za kuno zikhale kumunsi kwa mjigo, osati kumtunda. Zomwe zimachitika kawirikawiri n'zakuti mjigo umagwa pakhomo pa munthu wotchuka. Chaka choyamba palibe vuto. Chaka chachitatu mwini malo wamanga mpanda ndipo loko ali m'thumba mwake. Pepala limodzi lonena kuti malowo aperekedwa kumudzi, losainidwa ndi mwini malo, amfumu ndi komiti, limatseka nkhani imeneyi, koma mabungwe ambiri saliitanitsa.

Mgwirizano wa bungwe ndi kontrakitala anthu a m'mudzi sauona, chonsecho ndiwo umalamula moyo wa mjigo. Wofala ndi uja wakuti madzi akapanda kupezeka, malipiro palibe. Kwa opereka ndalama umaoneka wochenjera. Zotsatira zake n'zakuti kontrakitala amakokera dzenje kufupi ndi dambo komwe madzi savuta, amasiya kuboola akangoona chinyezi choyamba, ndipo dzenje la madzi ochepa amalinena kuti latheka kuti asataye mafuta ake. Pa dzenje labwino pamafunika mapaipi otchinga khoma la dzenje (casing) a mamilimita 110 okhala ndi mbali yong'ambidwa molunjika pomwe madzi akulowera, miyala yosefera yotsukidwa yothiridwa mozungulira, simenti yotseka mamita apamwamba kuti madzi amvula asatsikire m'mbali, kutsuka dzenje ndi mpweya mpaka madzi ayere, kenako kupopa kwa maola angapo poyesa mphamvu. Dzenje loyenera pampu yamanja lizipereka malita osachepera 0.25 pa sekondi. Chilichonse mwa izi chimatha kudumphidwa popanda wozindikira, chifukwa zonse zimakwiririka pansi. Bungwe lomwe liika katswiri wakewake pamalopo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza ndilo lofunika kulikhulupirira. Lomwe limatumiza wojambula zithunzi yekha, ayi.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mzuzu ndi dera la mvula yambiri, ndipo imakhalitsa mpaka April, nthawi zina May. Dzenje loboola ndi kuyesa mu March limaonetsa madzi ali pafupi, silinda n'kuikidwa pamwamba, ndiye pofika October ndi November madzi atsika ndipo pampu ikungomwa mpweya. Chifukwa chomwe mabungwe amakumbira nthawi yolakwika si umbuli. Ndi kalendala ya opereka ndalama, yomwe imafuna kuti ndalama zithe chaka chawo chisanatseke. Ngati zakakamizika choncho, silinda itsitsidwe mokwanira, ndipo gawo la malipiro a kontrakitala, mwachitsanzo 10 pa 100 iliyonse, lisungidwe mpaka mjigo udutse chilimwe chimodzi.

Maphunziro a komiti ndi gawo lomwe mabungwe amalinyadira m'malipoti, koma ndi lomwe limachepetsedwa bajeti ikathina. Komiti imakhala ya anthu 10, amayi ochulukirapo, ndipo ena mwa iwo amasankhidwa kukhala osamalira pampu. Maphunziro abwino amachitikira pamjigo penipeni, aliyense akumasula ndodo ndi manja ake, kusintha U-seal, kubwezeretsa, kawiri kapena katatu. Oipa amachitikira m'kalasi, pa mapepala omata pakhoma, ndipo chomwe anthu amakumbukira ndi alawansi ndi fanta. Alawansi imeneyi imawononganso masankho, poti pamndandanda pamalowa abale a amfumu omwe satunga n'komwe madzi. Midzi yambiri kuno ndi ya Chitumbuka, ina ya Chitonga, ndiye mphunzitsi wochokera ku Lilongwe ndi mabuku a Chichewa chokha amasiya agogo ena kumbuyo. Ndipo patapita zaka zitatu, wosamalira pampu uja wakwatiwa kwina kapena wapita ku Joni, sipanala yapita naye, ndipo palibe anaphunzitsa wolowa m'malo.

Za ndalama, masamu ake savuta. Mabanja 50 akamapereka K500 pamwezi, pachaka pamakhala K300,000, zokwanira tizipangizo totha msanga ndi kulipira mekaniki woyendera mjigo. Vuto ndi kusunga. Ndalama yogona m'chitini kwa msungichuma imabwerekedwa pa maliro ndipo sibwerera, ndipo ikasowa kamodzi anthu amaleka kusonkha. Imathanso mphamvu ili chigonere: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe masipeya ambiri a Afridev amachokera kunja, makamaka ku India. Nzeru yabwino ndi kusandutsa ndalama kukhala masipeya msanga, n'kusunga pamalo ozizira osafika dzuwa, chifukwa labala amauma. Zotsala zizizungulira ku banki m'khonde kapena zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, pomwe uthenga wa ndalama yotuluka umatha kuonetsedwa pamsonkhano. Masipeya amapezeka m'mashopu a hardware a m'tauni ya Mzuzu, koma ubwino wake umasiyana kwambiri. U-seal yabwino ndi yofewa, yosalala m'mphepete, ndipo ukaipinda sionetsa ming'alu. M'maboma angapo a chigawo chapakati bungwe la Inter Aide linalumikiza amekaniki a m'madera ndi magolosale ogulitsa masipeya pafupi ndi midzi. Njira imeneyo ndi yomwe bungwe lililonse lobwera kuno liyenera kufunsidwa ngati lili nayo, kapena china chofanana nayo.

Si malo onse ofunika Afridev. Pomwe madzi ali pafupi, osapitirira mamita 15, ndipo mabanja ndi ochepa, chitsime chotetezedwa chokhala ndi pampu ya Malda chimakwanira pa mtengo wotsika kwambiri. SMART Centre ya ku Mzuzu yakhala ikuphunzitsa amisiri kuboola zitsime ndi manja ndi kupanga mapampu a chingwe, omwe banja kapena mabanja angapo amatha kugula okha, ndipo wowotcherera wa m'tauni amawakonza. Pampu ya chingwe singapirire anthu 250, koma kwa mabanja asanu a dimba limodzi imaposa kudikira bungwe zaka zinayi. Kumbali ina, mijigo ya sola yokhala ndi thanki yomwe yafala masiku ano imachotsa ntchito yopopa, koma ikafa palibe wa m'mudzi angaitsegule ndi sipanala ya 24.

Chinthu chimodzi chomwe mjigo suchita n'kuteteza madzi akachoka pampopi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unakantha kwambiri Nkhata Bay, unakumbutsa kuti ndowa yosavindikira ndi kapu yoviika ndi dzanja zimaipitsa madzi abwino. Bungwe lomwe limagwira ntchito ndi alangizi a zaumoyo pa nkhani ya klorini ndi zimbudzi likuchita ntchito yathunthu.

Chigamulo chathu: pampu ilandireni, ndi yoyenera ndalama zake. Bungwe liyezeni pa tsiku lopereka mjigo. Kupatula chikwangwani ndi nyimbo, komiti ichoke ndi sipanala, chingowe, masipeya oyambira, dzina la mekaniki wa deralo, ndi pepala lonena kuya kwa dzenje, pomwe madzi anaima, pomwe silinda yakhala, chiwerengero ndi mtundu wa ndodo, zotsatira za kuyesa mphamvu ya madzi ndi za ku labotale, kuphatikizapo pH ndi ayironi. Kope lina lipite ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo. Ngati pepalali palibe, wapampando wa komiti asasaine fomu yolandirira mpaka libwere, ndipo alembe m'buku la komiti tsiku lomwe bungwe lalonjeza kudzayenderanso mjigowo mu October.