Katani yotsika yokha, chotchinga chokhazikika kapena shata: chiti chingatchinge utsi m'nyumba zazikulu za ku Mzuzu?

Masitolo aakulu, mahotela osanjikiza, maholo a ukwati ndi nyumba zosungiramo katundu zikuchuluka mu Mzuzu muno, kuyambira m'tauni mpaka ku Luwinga. Eni ake akamakamba za moto, nkhani imathera pa zozimitsira zofiira zopachika pakhoma zija. Koma m'nyumba yaikulu chimene chimayamba kupha anthu ndi utsi. Pa hotela ya MGM Grand ku Las Vegas mu 1980 moto unali pansi, koma ambiri mwa anthu 85 amene anamwalira anali m'zipinda zam'mwamba, kumene utsi unakwera kudzera m'masitepe ndi m'mipata ya zikepe.

Utsi wotentha umathamangira kudenga n'kuyamba kufalikira m'mbali. Ukayenda mtunda wautali umazizira, umatsika n'kuphimba njira zothawira. Ntchito ya chotchinga utsi ndi kulendewera kuchokera kudenga n'kuusunga pamalo amodzi udakali wotentha, kuti mafani kapena mazenera apadenga autulutse. Malangizo a ku Britain amati malo otere asapitirire masikweya mita 2,000 ngati utsi ukutuluka wokha, ndipo m'litali asapitirire mamita 60. Popanda potulukira, chotchinga chilichonse chimangochedwetsa utsi kwa kanthawi basi. Ogulitsa ena izi sanena.

Chotchinga chokhazikika ndicho chophweka: nsalu ya ulusi wagalasi, malata kapena galasi losamva moto, chomangidwa kudenga mpaka kalekale. Mulibe mota, mulibe batire, sichidikira alamu. Kwa amene ali ndi nyumba yosungiramo chimanga, khofi kapena feteleza, ya denga lalitali, palibe chifukwa chofunira china. Vuto lake n'lakuti chimaoneka tsiku ndi tsiku, ndipo padenga lalifupi chimatchinga kuwala, zikwangwani ndi makina onyamulira katundu. Cha malata chimafunanso penti wabwino, poti chinyezi cha kwathu kuno dzimbiri sichichedwa nalo.

Katani yotsika yokha ndi imene okonza mapulani amaikonda, ndipo m'pomveka. Imakhala yokulungidwa m'kabokosi kobisika mu siling'i, pansi pake pali chitsulo cholemera, ndipo alamu ikangomva utsi imatsika. Pakhonde lotseguka la nsanja yachiwiri, mozungulira masitepe apakati pa sitolo, kapena pakhomo pa chikepe, palibe china chimene chingagwire ntchitoyo popanda kuipitsa malo.

Komatu makataniwa ali mitundu iwiri, ndipo kwa ife nkhani yagona pamenepa. Muyezo wa ku Ulaya, EN 12101-1, umawagawa panayi, awiri pa mtundu uliwonse. ASB1 ndi ASB3 amatsika ndi kulemera kwawo: magetsi ndiwo amawagwira m'mwamba, ndiye waya akapsa kapena magetsi akatheratu, katani imatsikabe. ASB2 ndi ASB4 amafuna magetsi kuti atsike, motero amafunanso mawaya osapsa ndi magetsi apadera osaphonya. M'tauni imene magetsi amathima kawirikawiri, komanso kumene moto wambiri umayambira pa mawaya omwewo, ine mtundu wachiwiriwu sindingaugule ngakhale atatsitsa mtengo.

Woyambawo nawo uli ndi zake. Magetsi akathima, mabatire ndiwo amagwira katani kuti isatsike pachabe. Akathima tsiku lonse mabatire amatha, katani n'kutsika pakati pa makasitomala Loweruka masana. Zikachitika kawiri katatu, woyang'anira sitolo amatopa nazo n'kuimanga ndi waya kapena kuichirikiza ndi thabwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyumbayo ilibenso chotchinga utsi ngakhale kuti pamapepala chilipo. Choncho bokosi loyendetsa makatani lilumikizidwe ku jenereta kapena ku sola, ndipo ndalama yosinthira mabatire ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Mota ikafa musayembekeze kuipeza pa hadiweya ya m'tauni. Idzachokera kunja, idzafuna ndalama zakunja, ndipo mmisiri wake mwina adzachita kuchokera ku Lilongwe.

China chimene chimapha katani yabwinobwino ndi katundu. Makatoni a sopo akaunjikidwa pamzere umene imatsikira, imaima pakati, utsi n'kudutsa pansi ndi m'mbali. Jambulani mzere wachikasu pansi, ndipo tsiku loyesa alamu sabata iliyonse muziitsitsa ndithu, muone ngati ikufika pamene iyenera kufika. Ya mtundu wotsika mpaka kutsala mamita osakwana 2.5 kuti ifike pansi siyenera kuthamanga kuposa masentimita 15 pa sekondi, kuti isamenye anthu othawa. Ikagwa ngati mwala, ndiye kuti buleki yake yatha.

Shata yachitsulo ija timaidziwa tonse, ndipo ambiri amaganiza kuti poti ndi chitsulo yaposa nsalu. Pa akuba, inde. Pa malawi, ngati ili yoyesedwa pa moto, inde. Pa utsi ndiyo yotsalira: mipata ya pakati pa timizere take imadutsitsa utsi, ndipo zambiri zimadikira kachitsulo kosungunuka pa madigiri pafupifupi 70 kuti zigwe, pamene utsi unadutsa kalekale. Ikatseka yatseka, ndiye sizoika panjira yothawira popanda chitseko china pambali. Shata wamba ya pagolosale musaiwerengere n'komwe pa nkhani ya moto.

Pali kusokoneza kumodzi kumene kungakudyereni ndalama. Katani ya utsi si katani ya moto. Ya utsi imayesedwa pa madigiri 600, ndipo chizindikiro D60 kapena D120 chimanena mphindi zimene imapirira. Ya moto ili ndi timawaya tachitsulo m'nsalu mwake, imayenda m'njanji zam'mbali mpaka pansi, imayesedwa pa kutentha kofika madigiri 1,000, ndipo ku Britain muyezo wake ndi BS 8524. Tonse tikukumbukira laibulale ya Mzuzu University imene inapsa mu Disembala 2015. Pamalo ngati amenewo, pamene cholinga ndi kupulumutsa mabuku kapena katundu, katani ya utsi singathandize kwenikweni. Pamafunika chogawa nyumba kuti moto usawoloke: khoma, chitseko chosamva moto, katani ya moto kapena shata yoyesedwa, kuphatikizapo mipopi yowaza madzi kudenga.

Ndiye ndikanakhala ndikumanga lero, ndikanaika chokhazikika paliponse pamene denga likulola, katani yotsika ndi kulemera kwake pokhapo pamene chokhazikika chingatseke njira kapena maonekedwe, ndipo khitchini ya hotela ndi chipinda cha jenereta ndikanazipatula ndi chotchinga moto chenicheni. Wogulitsa asanalandire dipoziti, akuonetseni chikalata cha kumene katunduyo anayesedwa, chokhala ndi kukula kwenikweni kwa katani imene akukupatsani, chifukwa yoyesedwa pa mamita atatu siingotambasulidwa kufika khumi. Mapulaniwo apitenso kwa ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda siling'i isanatsekedwe, poti kabokosi ka katani kamafuna malo ake, ndipo kugumula siling'i yomaliza kale kumadya ndalama ina.