Omega Centauri kapena 47 Tucanae, kuno kuchigwa muyambe ndi uti?

Anzanga amene mwayamba kukonda zoyang'ana nyenyezi, funso ili limabwerabwera nde tingolikambirana pano. Kumwambaku kuli magulu ena a nyenyezi zothithikana malo amodzi mozungulira bwinobwino, asayansi amati ma globular cluster. Mu mlalang'amba wathuwu muli oposa 150 odziwika, ndipo ambiri sakhala mmene muli dzuwa lathuli ayi, amakhala cha kunja mbali imene amaitcha halo, nkumazungulira pakati pa mlalang'amba mtunda wautali zedi. Nyenyezi zake ndi nkhalamba zenizeni, zaka 11 mpaka 13 biliyoni, pamene dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni basi. Musasokoneze ndi Nsangwe, zija ndi makanda, zaka pafupifupi 100 miliyoni ndipo zili pafupi, kuwala kwake kumatifika pa zaka 440 zokha.

Mwa magulu onsewo owala kwambiri ndi awiri, Omega Centauri ndi 47 Tucanae, ndipo mwayi wathu ndi woti onse ali kummwera. Munthu wa ku London sangawaone ngakhale atagula telesikopu ya mamiliyoni, satuluka nkomwe kwawoko. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje timangotuluka panja.

Omega nde chimphona. Nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka 17,000 kuti kufike m'maso mwanu. Ndi maso okha amaoneka ngati nyenyezi yosamveka bwino, yachimbuuzi, nchifukwa chake katswiri wakale wa nyenyezi Ptolemy anamulemba ngati nyenyezi wamba cha m'ma chaka cha 150, kenako Johann Bayer mu 1603 nkumupatsa chilembo cha omega chimene amapatsa nyenyezi imodzi. Edmond Halley ali pa chilumba cha St Helena mu 1677 nde anaona kuti ayi ichi si nyenyezi. Mukaloza ndi bayinokula ya 10x50 mumapeza chinthu chachikulu ngati mwezi wathunthu, chotuwa, chowulungika pang'ono, chokhala ngati kambulumbulu ka thonje kamene katsalira pa mtengo atakolola, ndipo kuwala kwake nkofanana paliponse, pakati sipasiyana kwenikweni ndi m'mbali.

47 Tucanae ndi wina ndithu. Ali pafupi pang'ono, zaka pafupifupi 15,000, ndipo Nicolas-Louis de Lacaille ndi amene anamulemba akupima nyenyezi ku Cape cha m'ma 1751. Iyeyu pakati pake ndi powala heve, mu bayinokula mumaona kadontho kothwanima kenako kuwala kukuzilala pang'onopang'ono kupita kunja. Ineyo pa kukongola ndimapereka kwa 47 Tuc, sindibisa. Omega amakudabwitsa ndi kukula koma 47 Tuc maso amakhala ndi pogwira, komanso pambali pake penipeni pali kamtambo koyera kaja kosasuntha, Small Magellanic Cloud, zonse zimalowa mu bayinokula nthawi imodzi. Ena amaganiza kuti ndi zinthu zapamodzi koma ayi, kamtamboko ndi mlalang'amba wina pawokha, kali kutali zaka 200,000, angokumana mzere umodzi basi.

Koma kukongola kokha sikukwana, vuto ndi nyengo yathu ino.

Omega amakwera bwino madzulo kuyambira Epulo mpaka Julaye. Kumapeto kwa Meyi cha m'ma 9 koloko usiku amakhala atafika pamwamba pake, madigiri pafupifupi 59 kuchokera pansi. Mukatambasula mkono nkufumbata, nkhonya imodzi ndi madigiri 10, nde werengani nkhonya 6 kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka. Pamenepo mwadutsa mitengo yonse, mwadutsa magetsi a pa Nchalo kapena pa Ngabu, ndipo nthawi imeneyo mvula yangotha, fumbi latsukidwa, kunja kukuzizirira bwino moti munthu utha kukhala panja ola lathunthu osatuluka thukuta. Utsi wa nzimbe zowotcha umasokoneza masiku ena kwa amene muli pafupi ndi minda, pena chiperoni chimatsika mapiri a Thyolo nkutiphimba, koma mausiku ambiri kumakhala kuli mbee.

47 Tuc nthawi yake yamadzulo ndi Okutobala mpaka Disembala. Poyamba zimamveka ngati zabwino eti, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno ndani amagona m'nyumba? Mphasa zonse zili pabwalo, anthu agona chagada maso ali kumwamba, udzudzu ukuimba. Koma yang'anani thambo lake nthawi imeneyo, fumbi, utsi wa tchire lopsa, nkhungu yotentha ija imene imabisa ngakhale phiri la pafupi masana, ndipo iye sakwera kwambiri, amathera pa madigiri 34 kapena 35, nkhonya zitatu ndi theka. Kutsika chonchi ndiye kuti kuwala kwake kukudutsa mu mpweya wambiri wakuda usanakufikeni. Ukati udikire Novembala kuti fumbi lichoke, mitambo ya mvula nde yabwera. Mwayi wabwino umakhala usiku wotsatira mvula yoyamba kukangoyera, pamenepo amaoneka mochititsa kaso zedi koma masiku otere ndi owerengeka. Njira ina ndi yodzuka mbandakucha mu Julaye kapena Ogasiti cha m'ma 4 koloko, amakhala ali pamalo abwino thambo likadali loyerako, kwa amene mumalawirira kudimba sizovuta.

Pa kupeza, onse ndi osavuta koma mosiyana. Omega mumayambira pa Mtanda wa Kummwera, nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda. Pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza ku Mtandako, tengani imene yayandikira Mtanda, dzina lake Hadar, mukwere mmwamba pang'ono kuchepera nkhonya imodzi mupeza nyenyezi yowala pakatikati, Epsilon Centauri, nde mupitirize mzere womwewo mtunda ngati womwewo, mwafika. 47 Tuc mumafuna kamtambo kaja kaye, cha kummwera kwa nyenyezi yowala ya Achernar, ndipo apa pali kansampha, kamtamboko ndi kamene kamayamba kusowa kukakhala fumbi kapena mwezi. Kakasowa mumangoyendayenda ndi bayinokula mwa mwayi. Pulogalamu ya Stellarium pa foni imathandiza, ingoikani kuti iziwala mofiira, apo ayi maso amene mwawazoloweretsa mdima kwa mphindi 20 abwerera poyambira.

Kwa okonda nkhani ya mkati mwake, Omega nde ali ndi mbiri yokoma. Magulu ambiri otere nyenyezi zake zinabadwa pafupifupi nthawi imodzi, koma mwa Omega muli mibadwo ingapo ya nyenyezi yosiyana zaka komanso zitsulo zimene zili nazo, nde asayansi ambiri akuganiza kuti poyamba unali mlalang'amba waung'ono pawokha umene wathuwu unaumeza nkuusenda zakunja zonse, chatsala ndi chapakati chokhachi. Mu 2024 ofufuza atasanthula zithunzi za zaka zoposa 20 za Hubble, telesikopu ya m'mlengalenga, anapeza nyenyezi 7 pakati penipeni zikuthamanga liwiro loti zikanayenera kuthawamo kale, ndipo anati chikuzigwira ndi black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, yolemera kuposa dzuwa maulendo osachepera 8,200. 47 Tuc naye sali chimanjamanja, ali ndi ma pulsar oposa 20, zotsalira za nyenyezi zakufa zimene zimazungulira kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ena mwa iwo anapezeka ndi telesikopu ya MeerKAT ya ku South Africa konkuno. Mu 1999 Hubble anayang'anitsitsa nyenyezi zake 34,000 kwa masiku 8 kufuna mapulaneti akuluakulu, sanapeze ndi limodzi lomwe.

Wina afunsa za M13, gulu lina lotere la mbali ya thambo yotchedwa Hercules, chifukwa pa YouTube ndi amene amatchuka. Amatchuka chifukwa opanga mavidiyowo ambiri ali ku Ulaya ndi America ndipo kwawoko ndiye wabwino amene ali naye pamutu. Ndi gulu labwino ndithu, nkomwe asayansi analozako uthenga wa wailesi kuchokera pa telesikopu ya Arecibo mu 1974, koma nyenyezi zake ndi masauzande mazana angapo chabe, ali kutali kuposa awiriwa, ndipo ndi maso okha nkovuta kumuona. Kuno amakhala kumpoto madigiri 37 madzulo a mu Julaye. Muoneni usiku umodzi womwewo ndi Omega mudzamvetsa chifukwa chake sindikutaya naye nthawi.

Nde amene mukuyamba kumene, makamaka ngati bayinokula yake ndi yobwereka, dikirani Meyi kapena Juni muyambe ndi Omega, sabata imene kulibe mwezi. Musayembekeze kuona nyenyezi imodziimodzi ayi, zimenezo zimafuna telesikopu ya galasi la masentimita 10 kapena 15 kupita mmwamba. Tsamirani zigongono pa mpanda kapena pa chishalo cha njinga kuti manja asanjenjemere, ndipo muziyang'ana pambali pang'ono osati pa chinthucho penipeni, m'mbali mwa diso ndi mmene mumagwira kuwala kofooka. Malo abwino ndi pa bwalo la mpira la pasukulu poti kummwera kumakhala kotseguka. Kugombe la Shire ayi ndithu ngakhale kuli mdima wabwino, mvuu zimatuluka nthawi yomweyo ndipo ng'ona sizigona. Muuzenso mlonda kapena aneba musanaime pabwalo usiku ndi chinthu chakuda kumaso, kuno mphekesera sizichedwa. Mukamaliza ndi Omega tembenukirani ku Antares, nyenyezi yofiira ija imene imakwera kuchokera kummawa nthawi imeneyo, pambali pake penipeni pali M4, limodzi mwa magulu apafupi kwambiri ndi ife, ndipo usiku ukamapita limadutsa pafupifupi pamutu penipeni.