Nightwish, Kamelot kapena Blind Guardian: wosakonda metal ayambire pati?

Anthu ambiri akamva za metal amaganiza za kukuwa ndi phokoso logonthetsa m'khutu. Power metal ndi ina. Woimba amatulutsa mawu omveka bwino, okwera, ndipo kolasi yake imapangidwa kuti khamu liimbe pamodzi. Mtunduwu unazika mizu ku Germany pamene Helloween ya ku Hamburg inatulutsa zimbale ziwiri za Keeper of the Seven Keys mu 1987 ndi 1988. Koma nthambi imene imakopa ngakhale okonda kwaya ndi nyimbo za m'mafilimu ndi ija ya kiyibodi, mavayolini ndi mawu ambiri osanjikizana, imene ng'oma zimayamba zakhala chete kuti nyimbo ipume. Magulu atatuwa onse ali m'nthambi imeneyi, koma sagwira khutu mofanana.

Nightwish inayamba mu 1996 m'tauni ya Kitee ku Finland, ndipo nyimbo zambiri amapeka ndi woimba kiyibodi, Tuomas Holopainen. N'chifukwa chake gitala nthawi zambiri imangogwira nsanamira, pamene nyimbo yeniyeni ili m'kiyibodi ndi orchestra. Chimbale cha Once cha mu 2004 anajambula ndi orchestra yeniyeni (gulu lalikulu la oimba mavayolini, malipenga ndi zina) ku London, ndipo munthu amene anakulira m'kwaya ya kutchalitchi sachedwa kumva mmene mawu apansi ndi apamwamba akulukirana. Msampha uli pa oimba achikazi otsogolera, poti gululi lakhala ndi atatu. Tarja Turunen, amene anaimba mpaka 2005, amaimba ngati wa opera. Ena amatengeka pomwepo, ena amati mawuwo awalemera. Anette Olzon mawu ake ndi opepuka, a pop. Floor Jansen wa ku Netherlands amatha zonse ziwiri. Kwa mlendo yambani ndi nyimbo ya Nemo, ya mphindi zinayi ndi theka. Ghost Love Score ndi ya mphindi khumi, isungeni kaye, ndipo ikafika nthawi yake musankhe imene Floor anaimba pa chikondwerero cha metal cha Wacken ku Germany mu 2013.

Kamelot ndi ya ku Tampa ku Florida, ngakhale kamvekedwe kake n'ka ku Ulaya, makamaka m'zaka zimene ankaimba Roy Khan wa ku Norway. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Nightwish. Nightwish imakuzinga ndi zoimbira zambirimbiri. Kamelot imakuika pafupi ndi munthu mmodzi. Khan amayambira pansi, monong'ona, mpaka kupuma kwake kumamveka, kenako n'kukwera pang'onopang'ono. Wokonda soul kapena nyimbo zachikondi zodekha amapeza pogwira. Pa zimbale zawo, The Black Halo ya mu 2005, yomwe pamodzi ndi Epica ya mu 2003 imatsata nkhani ya Faust ya Goethe, wolemba wa ku Germany, ndiyo yoyenera. Koma musangoiyatsa kuchokera poyamba. Nyimbo yoyamba, March of Mephisto, ili ndi mawu obangula a Shagrath wa gulu la Dimmu Borgir, ndipo mlendo akangomva zimenezo amavula mahedifoni n'kunena kuti ndi zomwe zija. Dumphani mupite pa yachitatu, The Haunting, imene Khan akuyankhizana ndi woimba wamkazi Simone Simons, kenako Abandoned ya piyano. Kubwerera ku yoyamba ija n'kwa mawa.

Blind Guardian ya ku Krefeld ku Germany ndiyo yovuta pa atatuwa. Kiyibodi si yambiri. Mlengalenga mwa nyimbo mumadzaza ndi mawu a woimba wawo Hansi Kürsch ojambulidwa kambirimbiri n'kusanjikizidwa mpaka kumveka ngati kwaya yathunthu, komanso gitala ya André Olbrich imene imaimba nyimbo yakeyake pambali pa woimba. Mawu a Kürsch ndi okhakhala pang'ono, ng'oma n'zothamanga. Khomo lake ndi The Bard's Song ya mu 1992, ya magitala opanda magetsi, mphindi zitatu basi, imene pa makonsati khamu limaimba lokha. Vuto n'lakuti nyimboyi imanamiza, zinzake sizofatsa choncho. Pa zimbale zawo, Nightfall in Middle-Earth ya mu 1998 ili ndi zigawo 22, theka la izo timawu tachidule tolumikiza nkhani ya The Silmarillion, buku la nthano la Tolkien; wowerenga mabuku amenewa amasangalala, wosawadziwa amangoona ngati nyimbo zikudukizidwa. A Night at the Opera ya mu 2002 musayambire n'komwe, ndi yothithikana moti ngakhale okonda gululi amatopa nayo.

Chomvetsera chimasintha zambiri. Sipika ya foni imataya besi ndi ng'oma yaphazi, n'kusiya kuthetheka kwa zitsulo za ng'oma ndi gitala, ndiye chokoma chonse chimathawa. Gwiritsani ntchito mahedifoni, voliyumu pakati. Zowonjezera besi zimitsani, chifukwa woimba ng'oma akamaponda mapedulo awiri mothamanga besi yowonjezerayo imasanduka phala n'kukwirira kwaya. Mukatsitsa kwambiri ubwino wa kamvekedwe pomvera pa intaneti pofuna kusunga bandulo, Kamelot imapirirako poti zoimbira zake zili ndi mipata, koma Blind Guardian ndi nyimbo zazitali za Nightwish zimasokonekera.

Tikaika pa sikelo, Kamelot ndiyo imalandira anthu ambiri, bola mwadumpha nyimbo yoyamba ija. Nightwish ipatseni wa kwaya ndi wokonda nyimbo za m'mafilimu. Blind Guardian idikire amene wamva ziwirizi n'kufunsa yekha ngati pali zina zolimbirako. Ndipo wina akakuuzani kuti muyambe ndi DragonForce ya ku London poti inatchuka ndi masewero a vidiyo a Guitar Hero III mu 2007, mukaneni: liwiro lake ndi la mpikisano wa zala, mpata wopumira mulibe.