Mabuku a Halowini osaopsa: oyenera tiana tosapitirira zaka zitatu ndi ati?

Ku Britain ndi ku America, Okutobala akangoyamba m'masitolo mumadzaza zigaza zapulasitiki, akangaude ndi maungu osemedwa nkhope. Madzulo a pa 31, tsiku la Halowini, ana amavala zachilendo n'kumagogoda m'makomo kupempha maswiti. Kaya banja lanu limachita nawo mwambowu kapena ayi, mwana wa zaka ziwiri amene mukulera kumeneko akumana nawo basi, kunazale, mumsewu ngakhalenso pakhomo panu pomwe.

Chimene chimaopsa kamwana kotere si mzukwa ayi, poti sikadziwa n'komwe kuti mzukwa n'chiyani. Kamaopa nkhope yobisika. Pa msinkhu umenewu mwana sanazindikire bwino kuti munthu akavala chigoba amakhalabe yemwe uja, n'chifukwa chake amatha kulira chokweza ataona mkulu wake weniweni ataphimba kumaso. Ndiye buku la Halowini ndimaliyeza ndi funso limodzi: kodi likumuonetsa mwanayo kuti kuseri kwa chigoba kuli mnzake?

Pa muyeso umenewu, Little Blue Truck's Halloween la Alice Schertle, lojambulidwa ndi Jill McElmurry, lomwe linatuluka mu 2016, ndiye lopambana. Kagalimoto kabuluu ndi mnzake chule akutenga ziweto kupita nazo kuphwando, ndipo chiweto chilichonse chavala moti osachizindikira. Tsamba lililonse lili ndi kachitseko kapepala. Mwana akakatsegula amapeza bakha amene anavala ngati wovina, kapena nkhosa, ikulira kulira kwake n'kunena kuti ndi iyoyo. Zimenezi zimabwerezedwa tsamba ndi tsamba, ndipo mphamvu ya bukuli yagona pa kubwerezaku. Pofika kachitatu mwana amakhala akuyembekezera nkhope yodziwika, sakuopanso. Kumapeto kukubwera chinthu chofunda nsalu yoyera ngati mzukwa, koma akatsegula n'kagalimoto komwe kaja. Wolembayo anasunga chinthu choopsa kwambiri mpaka mwana atazolowera masewerawo, ndipo apa anaganiza bwino zedi. Chosowa m'bukuli n'chakuti mulibe zogogoda pakhomo, nkhani yonse ndi ya ulendo wa kuphwando. Komanso mawu ake ndi ochulukirapo, moti mwana wa chaka chimodzi amafuna kutsegula kachitseko inu musanamalize mzere.

Wa chaka chimodziyo mugulireni Where Is Baby's Pumpkin? la Karen Katz, la mu 2006. Khanda likusakasaka dzungu lake m'nyumba ndi panja, ndipo m'malo mwake likupeza mphaka wakuda, mileme ndi kamzukwa komwetulira. Mawu ndi ochepa, funso limodzi ndi yankho limodzi pa tsamba, nkhope ndi zazikulu zozungulira, mitundu ndi yowala. Vuto lake ndi tizitseko. Masamba ndi a katoni yolimba koma tizitsekoto n'topyapyala, ndipo mwana wamng'ono satsegula, amakoka. Malovu akafewetsa popindikira, kachitseko kamathothoka. Musanamupatse bukuli, matani selotepi yoonekera mkati mwa popindikira paliponse, mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kachitseko kali chotsegula. Mukamata kali chotseka, selotepiyo imakoka ndipo sikatsegukanso bwino. Kachidutswa kakang'ambika kachotseni msanga, chifukwa kathera m'kamwa.

Llama Llama Trick or Treat la Anna Dewdney, la mu 2014, lilibe tizitseko ndipo limatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ntchito yake ndi kuonetsa ndondomeko ya tsikulo: kusankha chovala, kukonza dzungu, maswiti ndi kuyenda m'makomo. Ngati mwatsimikiza kuti mwana atuluka nawo, ili ndi lofunika kulikhala nalo. Monga nthano, lilibe zambiri zogwira mtima, ndipo wa zaka zitatu limamutopetsa msanga.

Pali makolo ambiri akwathu amene safuna kuona mzukwa kapena chipewa cha mfiti m'buku la mwana wawo, kaya chifukwa cha tchalitchi kaya chifukwa choti ufiti kwathu si nkhani yoseweretsa. Maganizo amenewa ngomveka, ndipo dziwani kuti mabuku a Halowini ambiri, ngakhale ofatsa, amakhala ndi kena kake kotere. Tsegulani tsamba lililonse ndi kachitseko kalikonse muli m'sitolo momwemo. Amene mukufuna kupeweratu, tengani Duck & Goose Find a Pumpkin la Tad Hills, la mu 2009. Bakha ndi tsekwe aona mnzawo atanyamula dzungu, nawonso ayamba kufunafuna lawo m'malo olakwika, mumtengo, m'madzi, m'masamba ouma, mpaka atauzidwa zopita kumunda wa maungu. Ana amaseka kwambiri poyankha kuti ayi pa tsamba lililonse. Koma silikonzekeretsa mwana za zigoba.

Chenjerani ndi Room on the Broom la Julia Donaldson ndi Axel Scheffler, lomwe ku Britain amaliika patsogolo nyengo ya Halowini. Ndi buku lolembedwa mwaluso ndipo mfiti yake ndi yokoma mtima, koma muli chinjoka chofuna kuidya ndiponso chilombo chamatope chovuuka m'dambo. Nkhaniyo ndi yaitali. Lisungireni wa zaka zinayi.

Kawerengedwe nakonso n'kofunika. Yambani kutatsala milungu iwiri, ndipo werengani masana, osati pogona, kuti chithunzi chachilendo chisakhale chomaliza kuona asanatseke maso. Ulendo woyamba tsegulani tizitseko nokha, mofulumira, osachedwetsa dala kapena kusintha mawu kuti amveke oopsa. Makolo ambiri amalakwitsa pomwepa pofuna kukometsa nkhani. Simukakamizidwa kuwerenga Chingelezi chonsecho. Lozani chithunzi n'kufunsa kuti "Ndani uyu?", mwana atsegule, inu muyankhe kuti "Aa, ndi bakha!" Mukatseka buku chitani zomwezo ndi chitenje: dziphimbeni kumutu, vundukulani, kenako iye achite. Mukatero yeserani pachitseko cha kuchipinda, agogode, alandire kanthu, anene zikomo.

Chimene mabuku onsewa saonetsa bwino ndi mdima weniweni. Ku Britain mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, moti pa 31 dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Tulukani kusanade, nyamulani tochi, ndipo makomo atatu kapena anayi a anthu odziwana nawo akwanira. Gogodani pokhapokha pamene aika dzungu kapena ayatsa nyale yapakhonde, chifukwa chimenecho ndiye chizindikiro choti akulandira ana. Mwanayo musamuveke chigoba, chipewa chokha kapena makutu a nsalu n'zokwana. Mukafika kunyumba khuthulani kachidebe kake musanamupatse chilichonse, muchotsemo maswiti olimba, chingamu ndi mtedza wathunthu, pakuti zimenezi zimatsamwitsa mwana wosakwana zaka zisanu.