Oimba oyendera masukulu a ku Chipata ndi uthenga wokana fodya: kodi n'koyenera kuwaitana?

Mwa magulu a oimba amene masukulu a kuno ku Chipata amaitana pa masiku apadera, lilipo lina la anyamata ndi atsikana a ku Kapata ndi ku Mchini limene ntchito yake ndi kuimbira ana a sekondale nyimbo zowalangiza kuti asayambe kusuta fodya. Sukulu imene ndili m'komiti yake ya makolo ndi aphunzitsi idaliitana pa 31 May, tsiku limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapatula kuti maiko azikumbutsana kuopsa kwa fodya, ndipo ndikulemba izi kuti ndithandize makomiti ena amene akukayika ngati ndalama za makolo zingapite ku ntchito yotereyi. Kwa ine n'koyenera kuwaitana, ngakhale ntchito yawo ili ndi mbali imodzi yoperewera kwambiri.

Oimbawa amabwera ndi gitala, kiyibodi, ng'oma ndi zokuzira mawu zawozawo, ndipo sukulu imalipira galimoto, mafuta a jenereta ngati magetsi athima, ndi kangachepe kowathokoza. Amasunga nthawi, ndipo amavala modzilemekeza.

Chimene chidandigwira mtima ndi mmene amayendetsera nkhani ya ulimi. Kuno kum'mawa fodya si chinthu chongochiona m'sitolo: ana ambiri a m'makalasi athu amachokera ku mabanja a ku Chipangali, ku Lundazi ndi ku Vubwi kumene fodya wa bale ndiye amagula feteleza, malata ndi nsapato, ndipo ngakhale boma lidachotsa fizi m'chaka cha 2022, yunifolomu ndi makope zimadalirabe ndalama za msika wa fodya. Mlendo amene angaime pamaso pa ana otere n'kuyamba kunyoza mbewuyo, ana amamumva ngati akutukwana makolo awo, ndipo amatseka makutu. Gululi silidachite zimenezo. Mtsogoleri wake adafotokoza kuti iyenso adakulira m'chigafa akusoka masamba, kenaka adafunsa ana ngati adamvapo chizungulire ndi mseru atathyola fodya wonyowa ndi mame. Manja ambiri adakwera. Pamenepo adawauza kuti chimene chimawadwalitsa ndi nikotini, poizoni wa m'fodya wolowa kudzera pakhungu, ndi kuti nikotini yemweyo ndiye amamanga munthu wosuta kuti alephere kuleka. Nyimbo yotsatira idali ya mwana wolemekeza thukuta la bambo ake koma wokana kuika ndudu pakamwa, ndipo anyamata amene nthawi zonse amakhala kumbuyo ndiwo adayamba kuvomera.

Amadziwanso khomo lenileni limene fodya amalowera m'moyo wa mwana. Mwana wasukulu sagula paketi yathunthu. Amagula ndudu imodzi pa kantemba ndi ndalama yotsala ya chakudya cha masana, kapena amakoka balani wopichiridwa m'pepala, ndipo a m'tauni tsopano akopeka ndi shisha (fodya wosutira pa botolo la madzi) ndi vape (ndudu ya magetsi) chifukwa cha fungo la zipatso. Oimbawa adatsindika kuti madzi a m'botolo la shisha sasefa poizoni, mfundo imene ngakhale makolo ena amene tidakhala nawo adaidabwa. Adatchulanso kuti utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, kuti pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa, ndi kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pa chaka pa dziko lonse. Ndidaona kuti manambalawo sadawagwedeze ana kwenikweni, pakuti wa zaka 15 saopa matenda a ukalamba. Adatchera khutu pamene woimba wamkazi adakamba za mpweya wothera m'njira pa bwalo la mpira ndi za mawu osasa amene amachotsa munthu m'kwaya. Ndidakondweranso kuti adakumbutsa ana kuti Zambia idaletsa kusuta m'malo a anthu onse m'chaka cha 2008, chaka chomwecho chimene idalowa m'pangano la WHO lochepetsa fodya, motero mwana ali ndi ufulu wodandaula munthu akamasuta m'basi.

Zokuzira mawu zawo n'zakale ndipo zimaphokosera panja, komanso nyimbo zina zothamanga za m'Chingerezi zidawapita ana a Giredi 8 osamva kanthu. Izi n'zazing'ono. Chachikulu ndi chakuti uthenga wonse umalunjika kwa mwana amene sanayambe, pomwe pakati pa anawo padali ena amene adayamba kale, ndipo amenewo adachoka ndi manyazi okha popanda wowauza kumene angapite. Kuleka nikotini kumabweretsa kusowa tulo, ukali ndi chilakolako chachikulu m'masabata oyamba, ndipo mwana wosachenjezedwa za zimenezi amabwerera msanga ku kantemba poganiza kuti ndi wolephera.

Choncho komiti imene ikufuna kuwaitana iwapemphe kuti aimbire m'holo, kuti nyimbo zambiri zikhale za m'Chinyanja, ndipo tsiku lomwelo iitane namwino wa pa kiliniki yapafupi kuti akhale m'chipinda chapadera pamodzi ndi mphunzitsi wa uphungu, kumene mwana angalowe anzake osamuona. Ndi bwino kulankhula ndi oimbawa mu April, chifukwa kumapeto kwa May masukulu ambiri amakhala akuwafuna.